Ndiimange bwanji njinga yamoto m'pikapu kuti ikafike ku Monkey Bay yathunthu?

Bambo a Tadala: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndagula njinga yamoto, Boxer 150, kwa mkulu wina ku Area 25 kuno ku Lilongwe, yoti mng'ono wanga azikapangira kabaza ku Monkey Bay. Ine njinga sinditha kuyendetsa, mnyamatayo laisensi sanatenge, ndiye alamu anga andibwereka Hilux yawo ya double cab kuti ndikaisiye Loweruka. Pakhomo pano pali chingwe cha nayiloni chabuluu chija timayanikira zovala, ndi mphira zingapo za chubu. Ndiimike kapena ndiigoneke? Nanga ndimange pati? Ndalama zake ndi ngongole ya ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba. Ikakaswekera m'njira, ine pakhomo pano sindipondaponso.

Jah Kabaza: Madala musavutike. Ikani matayala awiri akutha m'bodimo, igonekeni pamenepo, mangani ndi mphira basi. Chogona sichigwa. Yanga inachoka ku Dedza choncho.

Amakaniko a ku Biwi: Iwe Jah, yako ija inabwera kwa ine patangotha masiku atatu ikufuka utsi ngati akuotcha njerwa. Wayiwala?

Jah Kabaza: Aaa bwana, zimene zija zinali zina.

Amakaniko a ku Biwi: Sizinali zina. Bambo a Tadala, musaigoneke. Njinga ikagona maola angapo, mafuta amatuluka pa chivundikiro cha thanki ndi mu kabuleta, ndiye muli ndi petulo akuyenderera m'bodi mwa galimoto ya eni ake. Oyilo naye amapita komwe sakuyenera kupita, amakanyowetsa sefa ya mpweya, n'chifukwa chake ya Jah inkafuka. Ngati batire lake ndi lija lothira madzi, asidi amadontha n'kudya penti ndi mawaya. Osanenanso za thanki kuphwanyika, indiketa kuthyoka, chogwirira kilatchi kupindika. Njinga inapangidwa kuti iziima pa matayala ake. Inyamuleni itaima.

Bambo a Tadala: Chabwino, ndiimika. Ndiye ndiitsamiritse pa sitandi yake ya m'mbali ija kenako n'kumanga?

NaBanda wa Zaulimi: Ayi achimwene, sitandi ichotseni m'maganizo. Ine ndakhala ndikutumiza ma Yamaha AG 200 a alangizi kumidzi zaka zambiri, ndipo ulendo woyamba ndinalakwitsa pomwepo. Tinaimika pa sitandi, tinakunga zingwe mpaka kulira. Titafika tinapeza sitandi yapindika ngati ndodo ya agogo, pansi pa bodi yaboola kadzenje. Galimoto ikagunda dzenje, kulemera konse kumathera pa kachitsulo kamodziko. Sitandi ndi yothandiza pomwe mukukonzekera kumanga basi. Mukamaliza, njinga ikhale chilili, sitandi ili m'mwamba.

Che Sumani: Nanga ya pakati ija, ya miyendo iwiri? Imene ija ndiye yolimba.

Amakaniko a ku Biwi: Ya pakati imanyamula tayala limodzi m'mwamba, ndiye m'malo moti njinga igwire pansi ndi mphira ya matayala, yaima pa zitsulo ziwiri pamwamba pa chitsulo chinzake. Chitsulo pa chitsulo chimaterereka. Ndipo mukaponda buleki mwamphamvu njinga imatha kutsika yokha pa sitandipo, zingwe zonse n'kukhwefuka nthawi imodzi.

Ndifotokoze bwino chinthu chimodzi, chifukwa ambiri amagwetsa njinga osadziwa kuti yagwa bwanji. Njinga si thumba la chimanga. Thumba mukalimanga limakhala momwemo. Njinga ili ndi mashoko. Galimoto ikadumpha pa hampu, njinga imanyonyomala pa mashoko ake, mahandulo amatsika, chingwe chomwe chinali chokungika chimalendewera kwa kamphindi. Kamphindi kameneko ndi komwe kambedza ka lamba kamavuka, kapena tayala lakutsogolo limasuntha pang'ono. Hampu yachiwiri lasunthanso. Pofika pa Chimbiya njinga yagona pa m'mbali mwa bodi inu mukumvera wailesi kutsogolo. Ndiye pomanga mumakokera kutsogolo kwa njinga pansi, mashoko atsike kale, kuti ikamadzanyonyomala m'njira chingwe chisapeze mpata wokhwefukira.

Bambo a Tadala: Apa ndiye ndamva. Atsike mpaka kumapeto?

Amakaniko a ku Biwi: Ayi. Atsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, mukachulutsa theka. Mukawapanikiza mpaka kugunda, maola anayi pamsewu woipa, timphira ta m'mashokomo titha kuyamba kutulutsa oyilo, makamaka pa njinga yogula kwa munthu yomwe simukudziwa kuti inasinthidwa liti. Ena amadula kathabwa n'kukaimika pakati pa tayala ndi pansi pa foloko, zitsulo ziwiri zija zogwira tayala lakutsogolo, kuti akakunga malamba njinga itsamire pa kathabwako. Koma pa Boxer madigadi yakutsogolo ili pafupi ndi tayala, kathabwa kalibe polowa. Inu ingoyezani ndi maso.

Mdala wa Malole: Ana inu mukungoti malamba malamba. Ife tanyamula fodya kupita ku Kanengo zaka makumi awiri ndi chingwe. Chingwe chilibe vuto, vuto ndi womanga. Mukadziwa mfundo ya adalaivala ija, yopanga kakhosi pakati pa chingwe, n'kudutsitsa nsonga pa huku, n'kubwerera m'kakhosimo n'kukoka, mumakunga kuposa lamba wanuyo.

NaBanda wa Zaulimi: Bambo, mfundoyo ndikuidziwa ndipo sindikutsutsa. Koma mwamva chingwe chomwe anena? Choyanikira zovala. Chakhala padzuwa mwina zaka ziwiri, chikumanyenyeka ukachipotokola. Komanso cha mtundu umenewo chimaterera, mfundo imamasuka yokha galimoto ikamanjenjemera.

Mdala wa Malole: Ooo, choyanikira? Ayi chimenecho asiyire mayi a kunyumba. Ndimanena chingwe chenicheni, chonenepa ngati chala.

Jah Kabaza: Nanga mphira madala? Ife timamangira matumba atatu a makala pa njinga ndi mphira yomweyo, sagwa.

Mdala wa Malole: Mwana wanga, mphira imatamuka. Makala akapendekeka iwe uli pomwepo, umamva, umaima. Njinga ikayamba kupendekeka kumbuyo kwa galimoto mphira imangoitsatira mwaulemu mpaka pansi.

Achimwene a ku Leicester: Moni nonse kumudzi. Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Ine kuno ndimayendetsa lole, ndipo pa maphunziro a kamangidwe ka katundu amatipatsa masamu omwe angakuthandizeni. Muyezo wa ku Ulaya umati katundu amangidwe moti apirire mphamvu yokwana 0.8 ya kulemera kwake kupita kutsogolo, ndi 0.5 kupita m'mbali kapena kumbuyo. Boxer imalemera pafupifupi makilogalamu 120. Ndiye mbuzi ikadumphira pamsewu inu n'kuponda buleki, zili ngati makilogalamu pafupifupi 96 akukankhira ku kabini. Pa kona yakuthwa, ngati makilogalamu 60 akukokera m'mbali. Tangoganizani thumba la feteleza ndi kena pamwamba likukoka mahandulo, ndipo likukoka modzidzimutsa, osati pang'onopang'ono. Mphira ya chubu singagwire zimenezo.

Gulani malamba a ratchet anayi, aja okhala ndi kachitsulo ka mano kokungira. Pa lamba wabwino pamakhala kansalu kolembedwa LC ndi nambala mu daN, yosonyeza mphamvu yomwe lambayo angapirire. DaN imodzi muziiwerenga ngati kilogalamu imodzi. Njinga ngati yanuyo sifuna malamba akuluakulu a pa lole aja, amene aja mutha kupinda nawo mahandulo musanazindikire. Ang'onoang'ono olembedwa mazana angapo akwana. Lamba wopanda kansalu kalikonse, woonda ngati wa chikwama cha mwana wa sukulu, musiyeni pa shelefu pomwepo.

Bambo a Tadala: Zikomo achimwene. Mawa ndikafufuza m'mashopu a hardware ku Area 2. Koma pomanga penipeni ndi pati? Pa mahandulo?

Amakaniko a ku Biwi: Ambiri amamanga pa mahandulo, ndipo ngati mwamanga pafupi ndi pakati, pomwe agwirana ndi foloko, palibe vuto. Koma osamanga kunsonga kogwira manja kuja. Mahandulo a njinga zimenezi ndi paipi yopyapyala, amapindika, komanso ku dzanja lamanja kuli moto, mutha kuswa chopotokola chija. Ine ndimakonda pansi pa nyali, pa chitsulo chomwe chimagwira miyendo iwiri ya foloko. Zungulizani lamba pamwamba pa chitsulocho, uku ndi uku. Musanakunge pisani chala muone kuti simunapanikize waya wa buleki, wa kilatchi, wa mita, kapena mawaya a magetsi. Kambedza kachitsulo kasakhudze njinga. Zungulizani nsalu ya lambayo, kambedzako kakolowekeni pa lamba yemweyo kapena kabwezereni ku galimoto.

Malamba awiri akutsogolowo apite pansi, m'mbali, komanso chakutsogolo pang'ono, ku makona awiri a bodi. Tayala lakutsogolo ligunde khoma la kuseri kwa kabini, kuti mukamakunga njinga izikanikizika pakhomapo. Munthu mmodzi akhale pa njinga aigwire chilili, wina azikunga: kuno pang'ono, uko pang'ono, kuno pang'ono. Mukakunga mbali imodzi mpaka kumaliza, njinga ipendekeka ndipo simudzaiwongolanso bwino.

Akumbuyo awiri ntchito yawo ndi yoletsa thako la njinga kudumphira m'mbali. Mangani pa felemu kapena pa zitsulo zomwe zagwira popondera pasenjala. Amenewa safuna kukunga kwambiri. Ingosamalani ekizozi, ikakhala yotentha imasungunula lamba ngati kandulo.

Che Sumani: Pa keriyala yakumbuyo bwanji? Ya Boxer ndi yolimba, timakwezapo nsomba madengu awiri.

Amakaniko a ku Biwi: Ngati mabawuti ake ali bwino, ingathandize. Koma yang'anani kaye, zambiri za kabaza keriyala inawotcheredwa kale kawiri katatu.

NaBanda wa Zaulimi: Pali nkhani ina yomwe palibe waitchula. Anena kuti galimotoyo ndi double cab. Bodi ya Hilux ya double cab ndi mita imodzi ndi theka basi, pomwe njingayo ndi pafupifupi mamita awiri. Mukailowetsa molunjika, chitseko chakumbuyo sichitsekeka, tayala lakumbuyo likhala cha polumikizira chitsekocho kapena pamwamba pake.

Bambo a Tadala: Mayo ine. Ndapita kukayeza ndi tepi ya atelala, ndi zoona. Ndiye nditani?

NaBanda wa Zaulimi: Njira ndi ziwiri. Yoyamba, ilowetseni mopingasa: tayala lakutsogolo m'kona ya kumanzere kuseri kwa kabini, lakumbuyo m'kona ya kumanja kwa chitseko. Nthawi zina chitseko chimatsekeka, nthawi zina chimakana ndi zala ziwiri zokha. Ubwino wake kona imagwira tayala kuti lisathawire m'mbali. Kuipa kwake malamba sakhala ofanana, wina wamfupi wina wautali, ndiye pamafunika kudekha pokunga. Yachiwiri, molunjika pakati, chitseko chotsegula, n'kuyala thabwa lalitali pansi pa matayala onse awiri kuti kulemera kusathere pa chitseko chokha. Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa malamba amakoka mofanana. Koma thabwalo likhomereni timatabwa tiwiri uku ndi uku kwa tayala lakutsogolo, likhale ngati m'kangalande. Tayala lakutsogolo likangopotoloka n'kuterereka, malamba onse ataya ntchito.

Mdala wa Malole: Mukasiya chitseko chotsegula, chilichonse cha m'bodimo chimangidwe. Jeke, thabwa lokwezera, chigubu. Ndinaonapo sipeya tayala ikugubuduka pa Linthipe ngati ili ndi dalaivala wake. Ndipo mangirirani kansalu kofiira kumapeto kwa njingayo, a traffic asapeze poyambira.

Jah Kabaza: Kapena ine ndikwere kumbuyoko ndiziigwirira, mungondigulira chipisi pa Dedza.

Admin: Jah, pagulu pano tasonkha kale zipepeso ziwiri chaka chino. Munthu asakhale m'bodi limodzi ndi njinga, kaya pamwamba pake kaya pambali. Ikagwa imagwera iyeyo.

Achimwene a ku Leicester: Admin anena zoona. Ndiwonjezere za pokoleka ku galimotoko. Ma Hilux ena ali ndi mahuku kunja m'mbali mwa bodi, ena ali ndi timphete m'kati. Gwedezani chilichonse ndi dzanja muone ngati sichinadyeke ndi dzimbiri. Chitsulo chonyezimira chija amaika kuseri kwa kabini chokongoletsa galimoto musachikhulupirire, zambiri zimangogwira ndi timabawuti pa m'mphepete mwa bodi. Komanso chili m'mwamba, pomwe inu mukufuna kukokera pansi. Timbedza totseguka tija tikulungeni ndi tepi kapena kawaya mukakoleka, kuti lamba akakhwefuka pa hampu kasavuke. Pamene lamba wadutsa pa chitsulo chakuthwa ikanipo katoni kapena chigamba cha jinzi. Nsonga zotsala zimangeni, zikamauluka zimakwapula penti, ndipo ikalowa ku tayala la galimoto ndi nkhani ina.

Che Sumani: Apa ndiye mphira za bambo a Tadala zapeza ntchito. Mangirani chogwirira buleki yakutsogolo ku handulo ndi mphira, tayala lisagubuduke.

Amakaniko a ku Biwi: Eya, pamenepo mphira ndi mfumu. Ikaninso mu giya wani. Tsekani kampopi ka mafuta ka pansi pa thanki, ndipo musadzaze thanki musananyamuke. Magalasi masulani muike kutsogolo, ndi sipanala imodzi basi. Kiyi chotsani, asakhale pa njinga. Loko wa mahandulo musakhome, kachitsulo kake ndi kakang'ono, kamathyoka ndi kugwedezeka, komanso kamafuna mahandulo okhota pomwe inu mukufuna tayala lolunjika.

Bambo a Tadala: Alamu anga akuti tiifunditse lona chifukwa cha fumbi.

NaBanda wa Zaulimi: Musayerekeze. Lona ikamapupuma ndi mphepo imapala penti ya thanki ngati sandipepa. Fumbi amatsuka ndi ndowa imodzi ya madzi a m'nyanja.

Mdala wa Malole: Nanga kukweza mwaganiza? Njinga zambiri zimagwa galimoto isanalize n'komwe. Bodi ya Hilux ili m'mwamba, thabwa lalifupi limakhala chitunda. Pezani pamalo pokwera, kaya chulu, kaya khonde la sitolo, kaya mulowetse matayala akumbuyo a galimoto m'ngalande kuti chitseko chitsike. Thabwa likhale lochindikala, osati la m'mphepete lija amagulitsa motchipa, ndipo mulimangirire ku galimoto, chifukwa limathawa tayala lakumbuyo likangoliponda. Anthu atatu: mmodzi pa mahandulo chala chili pa buleki, mmodzi kumbuyo, mmodzi m'bodi wolandira. Injini yozimitsa. Wina asakuuzeni kuti aikweza akuyendetsa, amene uja akufuna kulowa m'kabini kudzera pa galasi lakumbuyo.

Jah Kabaza: Ine ndimatha madala.

Mdala wa Malole: N'chifukwa chake ndanena.

Che Sumani: Mudzera njira iti? Ngati ndi ya Dedza n'kukhota pa Masasa kutsikira ku Golomoti, dziwani kuti Khwekhwerere ali ndi makona osatha, ndipo ndi mtsetse wokhawokha. Njinga izikankhira kutsogolo ndi m'mbali nthawi imodzi. Ya Salima kutsata M5 mtunda wake ndi wofatsa, koma kumeneko ndiye muzikazinda maenje.

Bambo a Tadala: Ndimaganiza ya Golomoti, ndiyo ndimaidziwa.

Che Sumani: Palibe vuto, msewu wake ndi wa tala. Ingoimani pa Masasa musanayambe kutsika, mugwire lamba aliyense. Potsika gwiritsani giya yotsika, yamphamvu ija, musamangodalira buleki. Mukawoloka M5 pa Golomoti kulowa wa ku Monkey Bay, yang'ananinso.

Achimwene a ku Leicester: Kuima koyamba kusadikire Masasa. Malamba atsopano amatamuka pang'ono, njinga nayo imakhazikika m'makilomita oyambirira. Imani pa Nathenje. Poyesa, gwirani handulo mugwedeze mwamphamvu. Ngati mwamanga bwino, igwedezeke ndi galimoto yonse. Njinga ikamagwedezeka yokha galimoto ili phee, yambiraninso.

NaBanda wa Zaulimi: Ndipo mapepala akhale m'kabini, osati m'chikwama chomwe mwaiwala kunyumba. Blue book (buku la umwini wa njingayo), kalata yogulitsirana yosainidwa, ndi fotokope ya chiphaso cha amene wakugulitsaniyo. Njinga zikubedwa kwambiri, ndiye pa roadblock akaona njinga kumbuyo kwa pikapu funso loyamba ndi lakuti ndi ya ndani. Yerekezani nambala ya injini ndi ya felemu ndi zomwe zalembedwa m'bukumo lero lomwe, musakazionere pamaso pa apolisi.

Bambo a Tadala: Mayi, apa mwandipulumutsa. Kalata tinalemberana koma fotokope sindinatenge. Ndiwaimbira madzulo ano.

Mdala wa Malole: Ine ndikubwerezabe, ngati malamba asowa, chingwe chabwino ndi mfundo yabwino zimafikitsa. Ubwere ku Kawale ndidzakuphunzitse, mwana wanga, ndi mphindi khumi.

Amakaniko a ku Biwi: Bambo, palibe akukana. Kungoti munthu wophunzira mfundo Lachisanu asakaiyesere pa Khwekhwerere Loweruka.

Mdala wa Malole: Hahaha, apo wandigwira.

Bambo a Tadala: Akuluakulu, ndafika. Pepani dzulo sindinalembe, netiweki inavuta komanso ndinatopa. Malamba ndinapeza anayi, olembedwa LC ngati munanenera achimwene a ku Leicester. Mopingasa inakana, chitseko chimagunda keriyala, ndiye tinaika molunjika pa thabwa, akalipentala a pafupi ndi kwathu anandikhomera timatabwa tija. Tinakwezera pa khonde la chigayo, anthu anayi, wachinayi ntchito yake inali kukuwa basi.

Pa Nathenje ndinaima monga munandiuzira, ndipo lamba wa kumanja kutsogolo anali atakhwefuka moti ndimamupinda ndi zala ziwiri. Njinga inali itayamba kale kuweramira kumanzere. Tinaiwongola, ndinakunga mano atatu, uku awiri. Pa Masasa onse anali gwa. Khwekhwerere ndinatsika ngati ndanyamula mazira, minibasi ina inandiimbira hutala mpaka kutopa. Apolisi anandiimitsa kawiri, konseko anafuna blue book, kwinako anawerengadi nambala ya felemu.

Cholakwika chimodzi: katoni yomwe ndinaika pa lamba wakumbuyo inauluka kaya pati, ndiye lambayo wapala penti pa kavala ya m'mbali, kachigamba ngati ndalama yachitsulo. Mng'ono wanga wamatapo sitika.

Amakaniko a ku Biwi: Mashoko akutsogolo ayang'aneni ngati sakunyowa oyilo. Ndipo mukumbutseni atsegule kampopi ka mafuta, angamenye kiki mpaka madzulo.

Bambo a Tadala: Mwachedwa bwana. Anamenya kiki mpaka thukuta, anthu atazungulira, wina akuti mwagula yakufa. Ndi mayi wina wogulitsa usipa amene anafunsa kuti kodi mafuta mwatsegula? Mashoko ndi ouma.

NaBanda wa Zaulimi: Laisensi ndi zipewa ziwiri, achimwene, asanayambe kunyamula anthu.

Bambo a Tadala: Kiyi ndabwera naye kuno, mayi. Akamutenga akandionetsa pepala.

Jah Kabaza: Madala, malamba aja mundibwerekeko Lachitatu, ndikufuna ndikatenge ina ku Mponela.

Amakaniko a ku Biwi: Matayala akutha aja atani?